Sikuta yanga ikutaya oyilo, amakaniko akuti aphwasule injini yonse. Nzoona zimenezi?

Nachisale_25

Moni nonse. Ndithandizeni maganizo inu odziwa za njinga zamoto. Ndili ndi sikuta yakale ndithu ya 150cc, za ku China zija, ndinagula kwa munthu wina amene anabwera nayo kuchokera ku Joni, dzina lake pa mapulasitiki linafufutika kalekale koma pa injini pamunsi palembedwa 157QMJ kenako manambala ambirimbiri. Ndi imene ndimayendera kuchoka ku Area 25 kupita kuntchito mtauni, ndipo nthawi ya mizere ya petulo ija inandipulumutsa kwambiri sinanga simamwa ngati galimoto.

Nde pano yayamba kutaya oyilo. Poyamba kanali kadontho kamodzi pakhonde ndimangopukuta, koma masiku ano m'mawa uliwonse ndikumapeza banga lakuda cha mbali ya kumanzere, pansi pa chikava chachitali chimene chimakafika ku tayala la kumbuyo chija, mpakana alandilodi ayamba kudandaula za simenti yawo. China chomwe ndaona nchoti ndikamakwera kamtunda kapena ndikanyamula mwana kumbuyo injini imalira kwambiri koma liwiro osaoneka, kenako imagwedeza kaye ndi pomwe imayamba kuthamanga. Utsi siikutulutsa, kulira imalira kamodzinkamodzi ngakhale m'mawa kukuzizira.

Amakaniko ena a kufupi ndi kwathu angoiyang'ana ataima, osagwada nkomwe, akuti mayi apa tiphwasule injini yonse tisinthe magasiketi onse ndi maring'i a pisitoni, ndipo mtengo womwe anditchulira ndi wa mbuzi ziwiri. Kodi palibe njira ina? Ine za mkati mwa injini sindidziwa koma sipanala ndimatha kugwira.

MadalaWaSipanala_Biwi

Mayi, musalole kaye kuti aitsegule. Injini yoti ikulira bwinobwino, utsi palibe, munthu sangayambire ku maring'i. Choyamba tidziwe kuti oyiloyo akuchokera pati, chifukwa pomwe wadonthera pansi nthawi zambiri si pomwe pabooka.

157QMJ imeneyo ndi ya mtundu wa GY6, mapangidwe ake anachokera kwa Honda ndipo mafakitale ambiri a ku China amapanga yomweyomweyo, nde masipeya ake sasowa olo dzina la sikutayo lifufutike. Imazizira ndi mphepo, kumanja kuli fani imene imapemerera silinda mkati mwa mapulasitiki akuda aja, ndiye oyilo akatuluka pang'ono chabe kumtunda mphepo ija imamumwaza ponseponse, fumbi la Lilongwe nkukakamira, mapeto ake injini yonse imaoneka ngati ikutuluka thukuta lakuda ndipo simungaloze pomwe payambira.

Komanso dziwani kuti sikuta yanuyo ili ndi oyilo wa mitundu iwiri. Pali wa mu injini, ndiye palinso wina wochepa kwambiri wa mu giyabokosi kumbuyo kuja pafupi ndi tayala, amangolowa 100 mpaka 120 ml basi. Gwirani banga lija ndi chala mununkhize. Wa injini amakhala wakuda, wopyapyala, fungo la chinthu chopsa. Wa giya ndi wolemera, amanata, ndipo fungo lake ndi loipa la salufa, mukangomununkhiza kamodzi simudzamuiwala.

Chitani chonchi Loweruka. Injini itazizira tsukani ndi parafini ndi kaburashi kakale ka mano, kenako madzi a sopo, koma osathira madzi mu bokosi la fyuluta ya mphepo kapena pa mawaya. Ikauma gwaa waziraniko pawudala wa mwana malo onse okumanira zitsulo, yendani nayo kaulendo kakafupi mubwere muiimike pa sitandi yapakati, pansi muyale katoni. Pomwe pawudala wayamba kuda ndi pomwepo, ndipo muzitsatira mzere wa oyiloyo chokwera mpaka pomwe wathera.

Malo amene amakonda kuvuta pa injini zimenezi ndi kava ya mavalavu kutsogolo kuja, ili ndi labala amene amauma ndi kutentha akakalamba. Pambali pa silinda pali kachitsulo kokokera tcheni cha timing, kali ndi gasiketi yake yapepala, nayonso imachucha. Pansi pali chotsekera cha sipanala 17 chomwe mkati mwake muli sipuling'i ndi kasefa, chimenecho chili ndi O-ring, kalabala kozungulira kotchinga oyilo, ndipo anyamata osintha oyilo amangomubwezera yemweyo mpaka ataphwatalala. Zonsezi ndi ntchito zazing'ono, injini siitsika nkomwe.

Koma inu mwanena mbali ya kumanzere komanso kulira kopanda liwiro, apa ine mtima wanga uli mkati mwa chikava chachitalicho. Mmenemo mumayenda lamba ndipo mumayenera kukhala mouma, fumbi lakuda la lamba lokha basi. Masulani mabawuti a sipanala 8 ozungulira kavayo, samalani poti ena ndi aatali ena aafupi, bayani pa katoni motsatana ndi mmene analili kuti musasokoneze pobwezera. Mukapeza monyowa muone kuti kwanyowa kwambiri ndi kuti. Kutsogolo kuseri kwa variator, pule ya kutsogolo imene imazunguza lamba, ndiye kuti ndi silu ya kirankishafuti, labala wotchinga oyilo wa injini pomwe shafuti imatulukira. Kumbuyo kuseri kwa kilatchi ndiye ndi silu ya giyabokosi. Mutiuze zomwe mupeze.

Kabaza_Nsungwi

Aunt musavutike ndi zonsezi kkkk. Thirani 20W-50 wolemera uja kudontha kumachepa, pomwe pakuchuchapo matanipo silikoni wofiira uja basi. Ife njinga zathu zimayenda tsiku lonse zikudontha choncho, bola kumaonjezera m'mawa uliwonse musananyamuke. Njinga yakale yosadontha oyilo ndiye kuti mulibe oyilo kkkkk. Za alandilodi ikani chimbale chakale pansi nkhani yatha.

Phiri_wa_ku_Joni

Aise wa kabaza, njinga yako ndi ya tcheni, oyilo akadontha amagwera pansi basi nkhani yathera pompo, mwinanso tcheni nkupezerapo mwayi. Sikuta ndi ina. Oyilo akalowa kwa lamba, lambayo amaterera pa mapule, amatentha, amafufuma kenako amaduka, ndipo saduka uli pakhomo ayi, amadukira pa raundabauti minibasi ili kumbuyo kwako. Za silikoni wopaka kunja ndiye iwalani, pamalo pa mafuta sagwira, komanso amene amamuthira wambiri potseka makava zotsalira zake zimagwera mkati nkukatseka kasefa ka pansi kaja, injini imeneyi ilibe fyuluta ina ya oyilo kupatula kasefa komweko.

Asisi, ine kuno ndimagwira ya delivery ndipo masikuta a injini imeneyi ndi ambiri zedi mumsewu, zomwe mwafotokozazo ndi zomwe madala anenazo, silu ya kuseri kwa variator. Koma ndionjezereko chimodzi chomwe anthu amachiiwala. Silu simangotha yokha nthawi zonse, pena imachita kukankhidwa ndi mpweya wa mkati mwa injini. Pa kava ya mavalavu pali kapaipi kalabala komwe kamapita ku bokosi la fyuluta ya mphepo, ndi mopumira mwa injini mmenemo. Kakapindika kapena kutsekeka ndi matope, mpweya umasowa kolowera nde umakankha oyilo pa silu iliyonse yofooka, mukhoza kuika silu yatsopano lero mwezi wamawa yayambanso. Kazuleni kapaipiko muuziremo ndi pakamwa muone ngati mpweya ukudutsa, mutsegulenso bokosi la fyulutalo, mukapezamo oyilo wambiri mutiuze.

Lamba ngati wamwa oyilo musatsuke nkubwezera, wapita ameneyo. Pamsana pake pamalembedwa manambala atatu, pa 150cc kawirikawiri ndi 842-20-30 ngati chikavacho ndi chachitali, zazifupi zija zimavala 743-20-30, palinso 835-20-30, nde osangouza wa mu shopu kuti ndikufuna lamba wa sikuta, adzakupatsani amene ali naye pafupi. Werengani pa wakaleyo kapena mupite naye.

Chinanso yang'anani tayala la kumbuyo mkati mwa rimu. Mukaona mizere ya oyilo yochokera pakati kupita kunja ndiye kuti silu ya ekiselo nayo yatha ndipo oyilo wa giya akulowa mu dilamu ya buleki. Imeneyo ndiye osaizengereza chifukwa mwati mumanyamula mwana.

Nachisale_25

Zikomo kwambiri madala ndi achimwene a ku Joni. A kabaza inu mwandiseketsa koma chimbale ayi kkk.

Ndachita monga munanenera, tinathandizana ndi mphwanga. Fungo ndi la oyilo wa injini, lakupsa lija. Pawudala anada malo awiri, pang'ono pa kona ya kava ya mavalavu, kungonyowa chabe osati kudontha, koma titatsegula chikava cha lamba eee, kutsogolo konse kuli phala lakuda lonata, lamba akuchita kunyezimira, mukamugwira manja onse bii. Kumbuyo kwa kilatchi kuli kouma ndithu kupatula zomwe lambayo wapititsako, ndipo rimu ya kumbuyo ilibe mizere iliyonse, buleki ikugwira bwino. Lamba walembedwa 842-20-30 ngakhale manambala ake akuoneka movutikira.

Kapaipi kaja tinakapeza katapanikizika pakati pa fulemu ndi chibokosi cha pansi pa mpando, kaphwatalala ndithu, kuuzira mpweya umadutsa movuta. Mu bokosi la fyuluta munali oyilo woti nkudzaza kachivindikiro ka botolo.

Funso lina. Ndayang'ana pa kandodo koyezera kaja oyilo ali pamwamba kupitirira timizere tonse, chonsecho wakhala akutayika masiku onsewa. Mnyamata amene amandisinthira amakhuthuliramo botolo lonse la lita imodzi, amati sikuta imamwa lita. Ndi choncho? Ndipo siluyo tingasinthe tokha ndi mphwangayu kapena ndi ya amakaniko?

MadalaWaSipanala_Biwi

Ayi mayi, lita yonse ndi wambiri. Injini imeneyi posintha imalowa cha m'ma 750 ml, ikachuluka 800, pafupifupi kota ya botolo imayenera kutsala mubwerere nayo kunyumba. Poyeza muimike pa sitandi yapakati pamalo osapendekeka, injini izime kwa mphindi zingapo, pukutani kandodoko nkukalowetsa osapotokola, kungokakhazika pakamwa pa bowo, oyilo akhale pakati pa timizere. Ndiye taonani, oyilo wodzadza mopitirira, mopumira motsekeka, silu yokalamba, oyiloyo akanatulukira kuti? Za maring'i zija ziiwaleni kaye. Mukakonza izi nkuona kuti kapaipi kaja kakufwenthabe utsi wambiri injini ikulira payokha, kapena oyilo akubwereranso mu bokosi la fyuluta, apo ndiye tidzayeze compression, mphamvu yomwe pisitoni ikupanikizira mpweya mu silinda, tione.

Kusintha silu si ntchito yaikulu koma pali malo awiri pomwe pamafuna chida. Nati ya variator ndi ya 17 ndipo imakhala yothina kwambiri, imafuna mfuti ya mphepo kapena chitsulo chogwirira puleyo kuti isazungulire. Osalola munthu kupanikiza sikuludiraiva pa zipsepse za pule ija, ndi aluminiyamu, chikathyoka chimodzi injini izinjenjemera mpaka kudya mabering'i. Mukachotsa variator muigwire pamodzi ndi mbale yake ya kumbuyo kuti marola 6 a mkati mwake asamwazike, ndipo zonse muziyale pansalu motsatana ndi mmene zatulukira, jambulani ndi foni. Kuseri kwake pa shafuti pali kagiya ka kiki yolizira ndi phazi kokhala mothina, kamafuna puller yake, chida chokokera, ndipo apa ndi pomwe anthu amalakwitsa pomenya ndi hamala kumapeto kwa shafuti mpaka mazinga a nati kuphwanyika. Ngati mphwanuyo alibe zida ziwirizi pitani nayo kwa amakaniko koma muwauze ntchito yeniyeni, kuti ndikufuna musinthe silu ya kirankishafuti ya kumanzere ndi lamba, basi, ndipo mukhale pompo akamagwira.

Silu yakale amaikoka ndi kawaya kopinda kapena kasikuluu kakang'ono, mosamala osakanda shafuti kapena khoma la bowolo. Ikatuluka yendetsani chikhadabo pa shafuti pomwe mlomo wa silu umakhudza, ngati pakumbika kamzere kozama silu yatsopano siikhalitsa. Gwedezaninso shafutiyo mmwamba ndi pansi ndi dzanja, siyenera kusewera. Ikamagogoda ndiye kuti bering'i yatha, pamenepo pokha ndi pomwe ndingavomereze zotsegula injini.

Poika yatsopano kulungani tepi pa mano a shafuti kuti asacheke mlomo wa labala, pakani oyilo pang'ono pa mlomowo, mbali yokhala ndi kasipuling'i iyang'ane mkati mwa injini, nkuikankha mofanana mbali zonse ndi soketi yaitali kapena kachidutswa ka paipi ya PVC mpaka ifanane ndi khoma, osaimiza kwambiri. Mapule onse awiri, belu la kilatchi ndi mkati mwa kava tsukani ndi petulo pang'ono panja kutali ndi mbaula, ziume. Marola amalowa ouma opanda girisi, ndipo amene aphwa mbali imodzi musinthiretu poti mwatsegula kale. Nati ija ithine bwino pobwezera, ikamasuka panjira imadya mano a kirankishafuti ndipo imeneyo ndi ndalama zambiri.

Labala wa kava ya mavalavu musinthenso, ndi wotchipa. Mabawuti ake mumange pang'onopang'ono modumphanitsa, cha m'ma 10 Nm basi, kutanthauza dzanja limodzi pa sipanala yaifupi. Ambiri akaona pakuchucha amangothinitsa mpaka mazinga a mu hedi kutha, kenako ntchito ya labala yasanduka ya helicoil, yoika mazinga atsopano m'bowo.

AgogoAChigumula

Mwana wanga, pokagula siluyo unyamule yakaleyo m'thumba. Pankhope pake pamakhala manambala atatu ang'onoang'ono, kukula kwa bowo lamkati, kukula kwa kunja, ndi kunenepa kwake, zonse mu mamilimita. Ukaisowa kwa ogulitsa masipeya a njinga ku Malangalanga kafunse m'mashopu ogulitsa mabering'i, iwo amagulitsa masilu potengera manambala, safunsa kuti ndi ya makina anji. Koma uonetsetse manambala afanane ndendende, za masikutazi zina zimakhala ndi kadesimali, wogulitsa akati iyi ndi yoyandikira ikwana usavomere. Uipinde pang'ono ndi zala, labala wabwino amabwerera, wogonera pa shelefu padzuwa amaonetsa timing'alu. Ugule ziwiri chifukwa yoyamba imatha kupindika poika.

Za 20W-50 mnyamata wa kabaza sananame kwenikweni, injini yakale nyengo yotentha ngati ya Okutobala imamulandira bwino ameneyo, kungoti samata bowo. 15W-40 kapena 10W-40 alinso bwino, ndipo poti kilatchi ya sikuta ili kunja siimira mu oyilo, ngakhale wa galimoto amagwira, kusiyana ndi njinga za magiya. Chachikulu nkusintha pafupipafupi, pa 1,000 km kapena kupitirira pang'ono, nkumatsuka kasefa kaja nthawi iliyonse.

Oyilo wakudayo usakathire mu ngalande kapena kuseri kwa nyumba, anzako amamwa madzi a pachitsime. Umuike m'chigubu, akalipentala ndi omanga makola amamufuna popaka mitengo kuti chiswe chisadye. Pa simenti ya alandilodi thirapo phulusa kapena utuchi ugone usiku, m'mawa usese nkukwecha ndi sopo waufa ndi madzi otentha, banga limachepa ngakhale silitheratu.

Kabaza_Nsungwi

Mwaonatu agogo andivomereza kkkk. Koma za lita ija nane ndaphunzirapo, mlamu wanga ali ndi sikuta ngati yomweyo ndipo amathira botolo lonse, ndimuuza.

Nachisale_25

Ndabwera ndi lipoti. Puller tinalibe nde ndinapita nayo kwa amakaniko ena, osati oyamba aja, ndinawauza ndendende monga munanenera madala mpaka anandifunsa ngati bambo a kunyumba ndi makaniko kkk. Silu yakale inatuluka youma gwa, mlomo wake wong'ambika mbali imodzi. Shafuti siikusewera ndipo ilibe mzere. Tasintha silu, lamba, labala wa mavalavu ndi O-ring wa pansi, kapaipi taika katsopano nkukadutsitsa pomwe sikapanikizika, oyilo tathira mpaka pakati pa timizere ndipo wotsala ndabwera naye. Marola anati akadali bwino. Katoni yomwe ndikuyala pansi ikumadzuka youma, ndipo pamtunda ikukoka ngati kale.

Kungoti ponyamuka penipeni, ndikangopotokola pang'ono, ikumanjenjemera kaye isanagwire, makamaka m'mawa. Poyamba sinkatero kwambiri chonchi. Talakwitsa penapake?

MadalaWaSipanala_Biwi

Imeneyo ndi kilatchi, oyilo uja anafikako ndithu kudzera pa lamba. Belu analichotsa kapena anangopukuta kunja? Achotse nati ya kumbuyo, belu lituluke, muona nsapato zitatu za kilatchi zikunyezimira ngati galasi. Azikwecheko pang'ono ndi sandipepa mpaka kunyezimirako kuchoke, mkati mwa belu chimodzimodzi, kenako atsuke ndi brake cleaner kapena petulo ziume bwino. Ngati nsapatozo zamwa oyilo mpaka mkati kunjenjemerako kubwereranso pakapita masiku, apo ndiye mugule kilatchi ina. Poti akhala atsegula kale kumbuyoko, aone kuseri kwa puleyo ngati silu ya giyabokosi ili youma, ndipo oyilo wa giya ngati simukudziwa kuti anasinthidwa liti musinthiretu, 80W-90, bawuti yothirira ili m'mbali yokhuthulira ili pansi.